Amene Anatitsatira Kuchokera ku Mzinda wa Miyala

Sonkhezerani motowo, ndikuuzeni chimene chinatenga achimwene anga a Wysoni. Ena munamva kuti anapenga, ena munamva kuti anathawira ku Joni ndi mkazi wina. Zonsezo n'zonama. Ine Lonesi ndinalipo kuyambira pachiyambi, ndipo dzanja langa lilimo.

Achimwenewo anaitanitsa galimoto kunja, ndipo itafika padoko la Dar es Salaam anati tipite atatu tikaitenge: iwo, akazi awo a Edina, ndi ine, popeza ndinkafuna kukaoda zitenje. Alamu angawo ndi ine sitinkamwerana madzi. Iwo ndi a ku Nkhotakota, mayi wa pakamwa pakuthwa, ndipo chiwauzireni anthu pamaliro ena kuti ine ndimadyera mchimwene wanga, ndinkangowapatsa moni wa pamlomo, mtima uli kwina.

Tinafika Lachisanu. Kudoko anatiuza kuti mapepala a galimoto atuluka Lolemba. Ndiye taganizani: Loweruka lathunthu lopanda chochita, m'kachipinda kotentha ngati uvuni, anthu atatu osafunana. Patebulo la kunyumba yogona alendo panali mapepala awiri a zithunzi. Lina linali la ulendo wa paboti wopita kukachilumba, kukasamba ndi kudya nsomba. Linalo linali la ulendo wa paminibasi wopita kumzinda wakalekale wa miyala, umene ankati unamangidwa ndi mafumu a Chiswahili zaka mazana ambiri zapitazo, kenako kugombe la pafupi, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Dzina la mzindawo sinditchula. Ndinalumbira.

"Tiyeni kuchilumbaku, bambo a Chifuniro," anatero a Edina. "Kumabwinjako ayi. Kwathu amati munthu wochokera kumtunda sapondako."

"Amatero ndani?"

"Akuluakulu. Anthu amene ankawawolotsa pa Nkhotakota paja, zingwe zili m'khosi, mumayesa ankathera kuti?"

Achimwene anaseka mpaka mnyamata wolandira alendo anadzutsa mutu. "Mayi woti anapita kusukulu, kuopa miyala! Ine ndayenda mtunda wonsewu kuti ndidzasambe ngati bakha?"

Anakangana kwa nthawi, wina apa wina apa. Kenako achimwene anatembenukira kwa ine. "Lonesi, dula mlanduwu. Tipite kuti?"

Ndinene zoona. Miyalayo inalibe nane ntchito. Ndinkafuna kuchilumba, ndione nyanja ya mchere ndi maso anga. Koma nditaona mmene alamu ankandiyang'anira, ngati akundipempha koyamba m'moyo wawo, mtima wanga unakoma.

"Kumabwinja," ndinatero.

A Edina anapinda pepala la chilumba lija bwinobwino n'kulibwezera patebulo. "Mwasankha ndinu, alamu," anatero.

M'mawa mwake minibasi inabwera. Munali azungu anayi, banja lina la amwenye, ndi ife. Wotitsogolera anali mkulu wina wowonda, wa chisoti choyera, dzina lake Shomari. Ankalemba maina a aliyense m'kabuku, akumwetulira. Atamva kuti ndife a ku Malawi, cholembera chinaima. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anayankhula mwakachetechete m'Chiswahili. A Edina, amene chinenerocho amachimva kuchokera kwawo, anatimasulira.

"Akuti tikalowa m'kati mwa mpanda, tisayankhule Chichewa. Ndiponso wina asatchule mudzi wa kwawo."

"Muuze kuti pakamwa ndi panga," anatero achimwene.

Tinayenda maola atatu. Titasiya tala n'kulowa msewu wa mchenga, dalaivala anazimitsa wailesi. Panalibe amene anamuuza. Tinadutsa m'minda ya kokonati, kenako milambe ikuluikulu, ndipo ndinazindikira kuti kwa kanthawi ndithu sindinamve mbalame, ngakhale khwangwala. Mpanda utangoonekera, dalaivala anatembenuza minibasi kuti iyang'ane kumene tachokera, n'kuimika patali pansi pa mtengo wa mango. Anakana kutsika.

Mzindawo unali wotuwa ngati phulusa. Makoma ake ndi a miyala ya m'nyanja, yobowokabowoka, mizu ya mitengo itaing'amba kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pachipata panali amayi atatu ogulitsa kokonati. Azungu anawamwetulira, iwo n'kumwetulira. Koma achimwene atangonena kuti, "Lonesi, ukufuna imodzi?" amayi aja anavundikira madengu awo ndi nsalu n'kutifulatira. Mmodzi analavula pansi.

Shomari anatiyendetsa. Anationetsa nyumba ya mfumu, ya zipinda zosawerengeka, yopanda denga. Anationetsa chitsime chakuya chimene pansi pake sipankaoneka. Pamzikiti wakale tinavula nsapato pakhomo, tinalowa, tinatulukira khomo la kunyanja. Kumeneko kunali kanyumba kena kafupi, kopanda mazenera, ka khomo loti munthu alowe chowerama. Shomari anatsitsa mawu. Anati mafumu aja atatha kalekale, amalonda ena ankasungiramo anthu podikira zombo. Azungu anatsitsa makamera. Mayi wachimwenye anagwira mkono wa mwamuna wake.

Achimwene anga anali munthu wosafuna chete. Chete ankamuyesa mwano. Ndiponso ankafuna akazi awo aone. Anapita pakhomo paja, anawerama, analowetsa mutu m'katimo n'kufuula m'Chichewa:

"Odi kuno! Alipo a kwathu muno? Ndine Wysoni wa kwa Chimbalanga ku Ntchisi, mwana wa Nabanda! Lolemba ndikubwerera. Njira ndikuidziwa, malo m'galimoto alipo!"

Mukafuula m'nyumba yopanda kanthu, mawu amabwerera. Awa sanabwerere. Analowa n'kukhala momwemo, ngati wina wawalandira. Ndiye kunamveka kaphokoso kena, osati m'kanyumbamo mokha, komanso kumbuyo kwathu kuchitsime: ngati anthu ambiri amene anagwira mpweya kwa nthawi yaitali aupumira kunja pamodzi.

Shomari anawakoka achimwene paphewa mwamphamvu moti anatsala pang'ono kugwa. Nkhope ya mkuluyo inali itasintha. Anayankhula mawu awiri atatu okha, mano ali pamodzi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti mwaitana," anatero a Edina.

Ulendo wa m'mzindamo unathera pomwepo. Titabwerera pakhomo la mzikiti, nsapato za aliyense zinali pamene tinazisiya, koma za achimwene panalibe. Anazifuna uku ndi uku, kenako anathamangira kuchipata kukatukwana amayi a kokonati aja. Anapeza palibe munthu, madengu okha atavundikiridwa. Anayenda chopanda nsapato pamchenga wotentha, akutukwana dziko lonselo.

Kugombe madzi anali ataphwera kutali, patsala matope onunkha ndi nkhanu zing'onozing'ono. Azungu anapita kukafuna posamba. Anatipatsa mpunga ndi nsomba pansi pa kachisakasa. A Edina sanakhudze mbale yawo. Achimwene anadya pang'ono, kenako ananyamuka kukayenda m'mphepete mwa matopemo, okhaokha, atakwiyabe.

Ndinawayang'ana akupita. Kenako ndinayang'ana pansi pamene anadutsa. Mapazi awo ankaoneka bwino, akuluakulu. Koma pambuyo pawo panali mapazi ena, ang'ono, owonda, ali pamzere umodzi, motalikirana mofanana. Pambali pa mzerewo panali kanjira kosaduka, ngati ka chinthu chokhwekhwereza. Ndikuyang'ana choncho, phazi lina latsopano linadinda m'matope, madzi n'kuyamba kulowamo.

"Mwaona?" anatero alamu pambali panga.

"Sindinaone kanthu," ndinayankha.

"Inde. Simunaone kanthu."

Pobwerera, cha m'ma folo koloko, tisanafike patala, tinapeza anthu akuyenda m'mbali mwa msewu. Anali pamzere, wina pambuyo pa mnzake, otuwa ndi fumbi moti sunkatha kusiyanitsa khungu ndi chovala. Sananyamule kanthu. Minibasi ikamadutsa, munthu wa kumudzi amacheuka ndithu, koma awa palibe anacheuka. Dalaivala anaponda moto. Azungu ankaonetsana zithunzi pafoni. Titayenda mtunda ndithu, tinawapezanso kutsogolo kwathu, anthu omwewo, mzere womwewo. Ulendo uno munthu womalizira pamzerewo, wamfupi ngati mtsikana wongotha msinkhu, anatembenuka. Sanatembenuze khosi, anatembenuka thupi lonse. Dzuwa linali kumbuyo kwake, nkhope sindinaione, ndipo ndimathokoza Mulungu. Shomari ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

Titafika kunyumba yogona alendo, achimwene anamupatsa Shomari dzanja kuti atsanzike. Mkuluyo anabisa manja ake kumbuyo. Anangouza a Edina kuti, "Amayi, inu kwerani basi."

Lolemba galimoto inatuluka, yoyera, yonyezimira. A Edina anati iwo apita pabasi.

"Ukakwera basi, upitirire kwanu ku Nkhotakota," anatero achimwene. "Ana anga usadzawaonenso."

Alamu anakwera galimoto yathuyo. Iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo ndekha, katundu yense ali kubuti. Mpando wa anthu atatu, koma ndinadzipeza nditapanikizika kuchitseko ngati ndili m'minibasi ya ku Mchesi. Ndikati ndisunthire pakati, thupi linkakana lokha. M'galimoto yatsopanoyo munkanunkha matope a kugombe kuja ndi chingwe chonyowa. Pokwera mapiri inkalira ngati lole ya simenti, mabasi akutipitirira. Achimwene anali atagula nsapato zina ku Dar. Titaima koyamba kuti timwe tiyi, anazivula kuti mapazi apume, ndipo pozifuna sanazipeze. Ulendo uno sanatukwane. Anangolowa n'kuyendetsa chopanda nsapato.

Tinagona ku Mbeya. M'mawa titatuluka, magalasi onse a galimoto anali ndi nthunzi m'kati, ngati mwagona anthu. Pagalasi la kumbuyo panali zikhatho zodinda, zambiri, zina zazing'ono kwambiri. Achimwene anapukuta ndi malaya awo.

Titawoloka Songwe, zinayamba. Tikuyenda bwinobwino, achimwene anapatukira kumbali pamalo opanda nyumba, tchire lokhalokha. Anatsika, anatsegula chitseko cha kumbuyo cha mbali imene ine sindinakhale, anaima pambali pang'ono, kenako anatseka n'kubwerera.

"Achimwene, mukutani?"

"Akutsika."

"Akutsika ndani?"

"Iwe sukumva mmene akundikandira pakhosipa?"

Anachita zimenezi kangapo tisanafike ku Mzuzu, ndipo titadutsa Jenda zinachuluka. Nthawi zina ankasiya msewu waukulu n'kulowa tinjira timene sanayendemo chibadwire, osafunsa munthu, mpaka pamtengo wina waukulu kapena pachulu, n'kutsegula chitseko. Pamalo ena mbuzi zimene zinkadya pafupi zinabalalika. Pena mayi wina amene ankalima anaponya khasu n'kuthawa akukuwa. Akatsegula chitseko, galimoto inkapepuka, nanenso ndinkapeza malo opumira. Koma achimwene ankanka nafooka. Milomo inauma, maso analowa m'kati.

"Yankhulani nawo achimwene anuwa," anatero a Edina osandiyang'ana. "Paja amamva za inu."

"Amunawo ndi anu."

"Lero ndiye mwadziwa kuti ndi amuna anga?"

Titadutsa pa Malomo, mpando unali utapepuka kwambiri, koma sunali wopanda munthu. Bondo lozizira linkagunda ntchafu yanga galimoto ikalowa m'dzenje. Ndinayamba kulira. Ndinati, "Alamu, chonde, ndisendereni ndikhale nanu kutsogoloko, ngakhale pamiyendo panu."

Anandiyang'ana pakagalasi. Nawonso maso anali ofiira. "Khalani nawo alendo anuwo," anatero.

Tinafika kwa Chimbalanga dzuwa likadali pamwamba. Anthu anathamangira galimoto, amayi akululutira, ana akuigwiragwira. Agalu okha ndi amene analowa pansi pa nkhokwe, michira ili pakati pa miyendo. Ine ndinatsika galimoto isanaimitsitse. Achimwene anatsika pang'onopang'ono, anazungulira, anatsegula chitseko chija n'kuima pambali.

Amayi athu a Nabanda anali pakhonde. Maso awo anali atachita ng'ala zaka zisanu m'mbuyomo, munthu amamuzindikira ndi mawu basi. Koma anadzutsa mutu n'kuyang'ana molunjika pambali pa achimwene.

"Wysoni," anatero, "mtsikana ameneyu ndi wa yani? Bwanji wabwera naye wosavala, chingwe chili m'khosi?"

Nthungululu zinaduka. Amayi anapendeketsa mutu ngati akumvetsera munthu woyankhula motsitsa.

"Akuti si mlendo," anatero. "Akuti pano ndi pawo. Akufuna mwini mbumba."

Madzulo ake amayi anatiuza zimene iwo anamva kwa amayi awo, zimene pabanja pathu sizinkanenedwa. Kale, chaka china cha njala, mwini mbumba wa mtundu wathu anatenga mwana wa mlongo wake, namwali, n'kumupereka kwa amalonda a kunyanja posinthana ndi mfuti ndi nsalu. Pobwera kumudzi ananena kuti mwanayo wagwidwa ndi mkango kudambo. Anamulira maliro abodza, mayi wake anameta, nkhani n'kuthera pomwepo. Munthu amene anachita zimenezo anafa ali nkhalamba, atakhuta. Koma udindo wake sunafe. Unkapita kwa mwamuna wina, kenako wina, ndipo chimwalirireni amalume athu, mwini mbumba anali a Wysoni.

M'mawa mwake khosi la achimwene linauma. Akafuna kuyang'ana kumbali ankatembenuka thupi lonse. Kuzungulira khosilo kunatuluka mkwingwirima wakuda umene unayamba kunyeka. Kuchipatala anawapatsa mafuta opaka ndi mapilitsi. Akumpingo anabwera kudzapemphera, nyimbo inawathawa pakamwa ili pakati. Tinaitana sing'anga wina wa ku Dowa. Anafika pachipata, anayang'ana pakhonde pamene achimwene anakhala, n'kuuza wa njinga kuti atembenuke. Amayi anatsogolera mbumba yonse kukathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo. Anagwada, nkhalamba yosaona, n'kunena kuti, "Mwana wathu, tinakulakwira. Tiuze dzina lako tikupepese bwino." Anamvetsera, kenako anagwira kumaso.

"Akuti ngakhale dzina lake tinalitaya?" anatero amayi.

Kutacha tinapeza ufa uja utamwazidwa ndi phazi.

A Edina sanachoke pambali pa amuna awo, zimenezo ndiwachitire umboni. Ankawamwetsa phala ndi supuni, ankawatsuka bala, usana ankawamangirira nsalu m'chiuno n'kuigwira, chifukwa dzuwa likafika pamutu achimwene ankaimirira n'kuyang'ana kum'mawa. Tsiku lina ndinabwera ndi madzi ofunda kuti ndithandize. Alamu analandira beseni, anathira madziwo pansi pamaso panga, n'kukatunga ena okha.

Sabata yachitatu, Lachinayi, a Edina anapita kuseri kwa nyumba kwa kanthawi kochepa. Pobwera anapeza nsalu ili pansi. Amayi a pamjigo ndi amene anawaona achimwene akudutsa: opanda nsapato, manja ali kumbuyo ngati omangidwa, akuyenda modzandira ngati pali wina kutsogolo amene akuwakoka. Anawaitana, sanacheuke. Amuna anawathamangira panjinga, koma munthu wodwala, woyenda pansi, sanamupeze. Ena anawaona ku Mwansambo. Wina anati anawaona ku Nkhotakota m'mawa mwake, akulowera kunyanja. Apolisi anafufuza, tinalengeza pawailesi, tinayenda m'zipatala ndi m'nyumba zachisoni. Mpaka lero.

A Edina anatenga ana n'kubwerera kwawo. Galimoto ili pompo paja, matayala anaphwa, nkhuku sizikwerapo.

Chitatha chaka, akuluakulu anaitanitsa msonkhano. Anati mbumba singakhale yopanda mwini: maukwati akudikira, milandu ya minda ikudikira, maliro akagwa adzayankhula ndani? Tinakhala pabwalo la amayi, amuna pamipando, ife pamphasa. Anayang'anayang'ana, ndipo mwamuna wamkulu yekhayo wotsala m'mimba mwathu anali mwana wanga Gilibati, mphunzitsi, wa zaka makumi awiri ndi zinayi.

"Gilibati," anatero mkulu wina, "mbumba ya amalume ako ndi iyi. Ukuilandira?"

Mwana wanga anaimirira, akukonza kolala ya malaya. Ndinaona kuti zamukomera, monga zimawakomera amuna onse. Anatsegula pakamwa.

"Gilibati." Anali amayi, ali pamalo awo pakhonde. Sankayang'ana iye. Ankayang'ana kumbuyo kwa phewa lake la kumanzere. "Usayankhe, mdzukulu wanga. Mtsikana uja wabwerako. Waima pambuyo pakopo, chingwe chili m'manja, akudikira uvomere."

Mwana wanga anakhala chiimire, pakamwa pali potsegula, thukuta likutsika m'masaya. Kenako anapinda mawondo pang'onopang'ono, osacheuka, mpaka anakhala pansi pafumbi. Akuluakulu ananyamuka mmodzimmodzi, aliyense ndi mpando wake, osatsanzika.

Papita zaka zinayi. Maukwati athu amatiyankhulira ndi anthu obwereka, maliro athu amalengeza ndi aneba. Kwa Chimbalanga amatitcha mbumba yopanda mwini, ndipo ana aamuna akabadwa pabanja pathu, timawaphunzitsa asanadziwe n'komwe kuwerenga kuti pali funso limodzi limene sadzayankha.